A Flossie a Makatani ndi Notisi ya Lendi

A Arthur, amene amasonkhanitsa nkhani za m'kakalata ka Amalawi a kuno ku Nairobi, analengeza kutchalitchi kuti akufuna nkhani ya Mmalawi amene akutinyaditsa. Ndawerenga timakalata tonse ta chaka chatha. Anthu amene alembedwamo ndi madokotala ndi mabwana a ku Upper Hill okhaokha, ambiri atajambulidwa pafupi ndi mbendera. Ine ndalemba za a Flossie, osoka makatani ku Utawala. Dzina langa ndine Deliwe Thomas, ndili ndi zaka 18. Ndinalemba mayeso a Fomu 4 ku Lilongwe chaka chatha, ndipo ndili kuno kwa makolo anga kudikira malo a ku koleji amene sakutuluka. Nkhaniyi musaidule chonde, ndaigwirira ntchito.

A Flossie kwawo ndi kwa Nsipe ku Ntcheu. Sukulu analekeza Sitandade 6. Anabwera ku Nairobi mu 1999 ali ndi zaka 19, kudzalera ana a banja lina la Amalawi. Patatha zaka zinayi banjalo linasamutsidwira dziko lina, ndipo linawagulira tikiti ya basi yobwerera kumudzi. Basiyo inapita yokha. Iwo anali atadziwana ndi a Simiyu, makaniko a ku Bungoma, amene ankabwera kudzakonza galimoto ya abwana aja. A Flossie amati galimotoyo inkawonongeka kawirikawiri modabwitsa, ndipo wokonzayo ankachedwa nayo dala.

Atakwatirana anakakhala ku Kibera, m'chipinda chimodzi cha malata. Kusoka anaphunzirira komweko, ku bungwe lina lomwe linkaphunzitsa amayi masana. Anzawo onse anathamangira madiresi. Iwo anasoka madiresi chaka chimodzi n'kuwasiya.

"Diresi ili ndi milandu," anandiuza. "Mwini wake akanenepa pakati pa tsiku loyeza ndi tsiku lodzatenga, wolakwa ndi telala. Zenera ukaliyeza Lolemba, Lachisanu umalipeza lili momwemo."

Mu 2011 anasamukira ku Utawala. Nthawi imeneyo msewu waukulu unali ukumangidwa kumene, kunali fumbi m'chilimwe, ndipo m'dzinja matope akuda aja ovula nsapato. Koma paliponse anthu ankakumba maziko a nyumba zosanja. A Simiyu akuti anaima pamsewu n'kuyamba kuwerenga mazenera a nyumba zomwe zinali zisanafoleredwe n'komwe, n'kuuza akazi awo kuti kuno ndiye kuli chakudya chathu.

Shopu anaipeza kwa Mzee Nzioka, bambo wachikulire amene anamanga mzere wa mashopu asanu ndi imodzi pafupi ndi siteji ya matatu, maminibasi a kuno. Panalibe cholemba chilichonse. Anagwirana chanza basi. M'zaka zonsezo lendi inakwera katatu, ndipo katatu konse Mzee ankabwera okha, kukhala pa kampando ka pakhomo, kumwa chai, tiyi wa kuno, kufunsa za Bessie, mwana wa a Flossie, kenaka n'kutchula mtengo. A Flossie ankautsitsa, Mzee ankaukweza pang'ono, mpaka kukumana pakati. A Simiyu atamwalira mu 2017, Mzee anakwera basi mpaka ku Bungoma kukaika nawo maliro, ndipo miyezi iwiri yotsatira sanafunse lendi. Ichi muchisunge, chifukwa ndi chimene chinalemetsa nkhani yonseyi.

A Flossie ine ndinawadziwa chifukwa amayi anandituma ndi siketi yoti aipinde. Ndinabwerera mawa lake popanda siketi, ndi mkucha womwe. Kunyumba kunalibe chochita, amayi ndi bambo amachoka m'mamawa kuthawa mndandanda wa magalimoto, ndipo munthu umatopa ndi foni. M'shopumo ndi mochepa: makina awiri, tebulo lodulirapo, ndi mipukutu ya nsalu yoimikidwa kukhoma mpaka kudenga. A Flossie ndi aafupi, tepi pakhosi nthawi zonse, mapini pakamwa. Chichewa chawo chinalowa Chiswahili ngati mchere m'ndiwo. Amati, "Sasa iwe Deliwe, ukangokhala pamenepo umera mizu." Anthu a mderalo amawaitana Mama Bessie. Ukayenda nawo pamsewu amaloza m'mwamba: apo ndinasoka ine, apo ine, apo si ine, taona mmene likupendekera.

Mzee atayamba kuvutika maondo, mashopu anawasiya m'manja mwa mwana wawo Muema. Muema ndi wa zaka za m'ma 30, amayenda makiyi a galimoto ali pachala. Pa 3 Sepitembala analowa m'shopu ndi envelopu, sanakhale pa kampando kaja, anangopempha a Flossie asaine kuti alandira. Inali notisi yosainidwa ndi Mzee. Kuyambira pa 1 Disembala, lendi ichoka pa mashilingi 9,000 kufika pa 24,000.

Aliyense pamzerepo ankadziwa tanthauzo lake. Shopu ya a Flossie ndi ya pakona, yoyang'ana siteji, ndipo panali munthu wina wogulitsa mafoni amene ankaifuna. Makatani sangatulutse 24,000 mwezi ndi mwezi. Ndipo telala wa makatani akasamuka ndiye kuti wayambanso, chifukwa makasitomala ake ndi anthu amene atsika matatu atangopeza nyumba, n'kuona nsalu zili pakhomo. Shopuyo ndi imene ikuphunzitsa Bessie unamwino ku Nakuru.

A Flossie anapinda pepalalo, n'kuliika m'chitini cha mabatani. Kenaka anachita zimene aliyense wa ife akanachita. Nkhani yolemera kwathu supita nayo wekha, umapeza munthu wamkulu wokakuyankhulira. Anabwera kwa bambo anga, a Medson Thomas, amene amagwira ntchito ku Upper Hill ndipo ndi mkulu wa mpingo pagulu lathu.

"Achimwene," anatero, "kuno ndilibe malume. Malume anga ndinu."

Bambo anavala jekete. Amayi anatulutsa thumba la mpunga wa Kilombero limene ankalisungira Khirisimasi. Lamulungu masana tinapita kunyumba kwa Mzee, ine ndinangokakamira kukwera nawo. Mzee anatilandira pakhonde, maondo atakulunga bulangete. A Flossie anagwada, n'kupereka thumba ndi manja awiri. Bambo anayankhula bwino kwambiri, Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili chawo chothyoka. Anathokoza za maliro aja, anatchula zaka khumi ndi zitatu za mtendere, za mwana wa sukulu, za mayi wamasiye. Mawu oti "tikukana" sanatuluke. Kwathu sanena choncho kwa wamkulu. Umangoyala mavuto ako pansi, iye awaone yekha.

Mzee analandira mpunga, anaununkhiza, anaitanitsa chai ndi mandazi. Anati anyamata a masiku ano amathamanga, ndipo ayankhula naye Muema. Tinadya, tinaseka, anatiperekeza ndi maso mpaka pageti.

M'galimoto bambo anali okondwa. "Alongo, nkhani yatha. Munthu walandira mphatso, watidyetsa. Akanakhala kuti sakufuna, akanabweza thumba."

A Flossie anavomera. Ine ndinavomeranso mumtima. Pepala linakhala m'chitini masabata atatu.

Lolemba pa 30 Sepitembala m'mawa, Muema anafika ndi bambo wina wovala malaya oyera. Bamboyo anatulutsa tepi yachitsulo n'kuyamba kuyeza chitseko, kenaka khoma la kumanzere, akulowetsa mkono kuseri kwa mipukutu ya nsalu. A Flossie anaimitsa makina.

"Muema mwanangu, kodi Baba sanayankhule nawe?"

"Baba amayankhula zambiri, Mama. Mpunga uja unali wokoma, tathokoza."

Atapita, analowa Nyaboke. Nyaboke ali ndi shopu ya penti ndi misomali khomo loyandikana. Ndi mayi wamkulu thupi, mawu ake amamveka tsidya la msewu, ndipo iye ndi a Flossie akhala akunyozana mwachikondi zaka zisanu ndi zinayi. Ankayankhula Chiswahili, ine ndikumasulira mmene ndinamvera, mwina a Flossie anandithandiza pambuyo pake.

"Iwe Malawi, uja akuyeza khoma lako ndani? Wayamba kusoka makatani a zipupa?"

A Flossie anafotokoza. Nyaboke anatambasula dzanja. "Pepala." Analiwerenga ataliika patali ndi maso, milomo ikuyenda.

"Unayankha liti?"

"Tinapita kwa Mzee ndi achimwene. Tinawadandaulira."

"Sindikufunsa za ulendo. Kalata. Unalemba liti?"

"Kalata ya chiyani? Munthu ndakumana naye maso ndi maso."

Nyaboke anakhala pa kampando ka Mzee, kanalira. Anati iye zinamuchitikira ku Kayole asanabwere kuno, ndiye anaphunzira mokakamizidwa. Shopu imene munthu akuchita lendi popanda pangano lolemba, ngati ya a Flossie, lamulo la dziko lino limaiteteza. Landilodi sangangodzuka n'kukweza lendi kapena kukutulutsa. Ayenera kupereka notisi ya miyezi yosachepera iwiri. Koma iwenso uli ndi mbali yako: pasanathe mwezi chilandirireni, umuyankhe polemba kuti sukuvomera. Ukatero ukapereke nkhani ku bwalo loona za lendi ya mashopu tsiku la notisi lisanafike, ndipo zonse zimaima kudikira bwalolo. Ukakhala chete, lamulo limati wavomera. Ndinafufuza pa foni pomwepo, ndipo zinali momwemo. Zinalembedwanso pa notisi yomweyo, m'munsi, m'Chingerezi cha maloya. Bambo anga anaiwerenga notisiyo tsiku lija, koma maso awo anathera pa 24,000.

"Unalandira pa 3," anatero Nyaboke, akuwerenga zala. "Lero pa 30. Uli ndi mawa, mkucha, ndi Lachinayi ngati Mulungu akukonda. Inu anthu a ku Malawi mudzafa ndi ulemu. Munthu akukuyeza khoma iwe uli mkati, ukumutchula mwanangu."

"Ndiye ndimutchule chiyani? Ndinamuona asanamere ndevu."

"Mutchule chimene ukufuna, koma ulembe."

Madzulo a tsikulo a Flossie anabwera kwathu, tisanadye. Bambo anamva nkhani yonse atagwira chibwano. Anachita manyazi, ndinawaona, koma manyaziwo anatulukira kwina.

"Alongo, za makhoti izi tisazithamangire. Malamulo a lendi kuno ndi a papepala chabe. La nyumba zogona lija akuti limateteza nyumba ya lendi yosapitirira 2,500. Ndiuzeni, ku Utawala kuno khola la nkhuku mungalipeze pa 2,500?"

"Ili ndi la mashopu, achimwene. Ndi lina."

"Ngakhale. Munthu uja anakuchitirani zazikulu. Mukamulembera kalata yokana, mwatseka khomo. Tipitenso Lamulungu, titenge ndi a Lusubilo a kutchalitchi, tikhale atatu. Komanso tizikumbukira kuti kuno ndife alendo. Mlendo sakweza mawu."

"Lamulungu ndi pa 6," anatero amayi anga ali kukhitchini.

A Flossie anayankhula motsitsa, mmene amayankhulira akamauza kasitomala kuti nsalu imene wasankha ndi yoipa.

"Achimwene, inu ndinu alendo. Kontirakiti ikatha mukwera ndege, katundu akutsatirani pa lole. Ine mwamuna wanga ali m'dothi la kuno. Mwana wanga Chichewa amachimva koma amayankha Chiswahili. Kwa Nsipe ndikapita, ana amathawa kukaitana akuluakulu kuti kwabwera alendo. Ndikachoka pakona paja ndilowera kuti?"

Bambo anangoti chakudya chizizira.

Lachiwiri lonse makina sanalire. A Flossie anang'amba mapepala a pakati pa kope lawo la miyeso, n'kukhala patebulo lodulira. Ndinapempha kuti ndilembe ine, poti Chingerezi ndinakhoza bwino. Anakana. Anati Mzee amadziwa malembedwe awo, ndipo chinthu chowawa munthu azilandira kuchokera ku dzanja limene akulidziwa.

Kalata yoyamba inali masamba awiri. Anaitengera kwa Nyaboke, ine pambuyo. Nyaboke anaiwerenga mokweza pakati pa zitini za penti. Inayamba ndi moni m'dzina la Ambuye. Inafunsa za maondo. Inafunsa za Mama akazi a Mzee, za adzukulu, ndi za mbuzi za ku Machakos. Inathokoza za Bungoma. Inafotokoza kukwera mtengo kwa nsalu ku Eastleigh. Inatha ndi kupempha kuti Baba aganizire mwana wawo wamasiye.

Nyaboke anatembenuza pepala kuyang'ana kuseri.

"Ayi ali pati?"

"Ali momwemo. Munthu wanzeru amva."

"Woweruza alibe nthawi yomva. Akufuna kuona. Iyi ndi kalata yofunsira banja, Malawi. Ine ndikanakhala Mzee ndikanayamba kusakasaka ng'ombe."

Yachiwiri inati lendi yatsopanoyo ndi yolemera kwambiri kwa iwo. Nyaboke anati kulemera si kukana, simenti imalemera koma anthu amanyamula. Yachitatu inati akupempha kuti akhale pansi akambirane. Nyaboke sanaimalize n'komwe.

Ndinkaona ngati zoseketsa mpaka pamene ndinawayang'ana nkhope a Flossie. Anali atatuluka thukuta pamphuno. Munthu amene amadula nsalu ya 30,000 osanjenjemera ankalephera kulemba mawu anayi. Anandiuza kuti chibadwire sananenepo "ndakana" kwa munthu wamkulu. Kwa abambo awo ayi, kwa abwana aja ayi, ngakhale pamene anakana kukwera basi ija sananene, anangosowa m'mawa wake.

Cha m'ma 4 koloko anatenga pepala lina. Moni anausiya momwemo, maondo ndi mbuzi zomwe. Anati zimenezo sachotsa, Nyaboke afune asafune. Koma pakati pa tsamba anasiya mpata, n'kulemba mzere umodzi paokha: kuti notisi ya pa 3 Sepitembala ailandira, ndipo sakuivomera. Anatenga lula yodulira nsalu n'kudula mzere pansi pake. Analembanso kalata ina yofanana ndendende, yoti Mzee asaine n'kubweza.

Nyaboke anati aitumize pa positi ya risiti, asavutike. A Flossie anati positiyo ikhale ya mawa masana ngati zikanike. Munthu amene anagona pa benchi pamaliro a mwamuna wako sumutumizira positi.

Lachitatu m'mawa anaima pasiteji kudikira boda, kabaza wa njinga yamoto. Galimoto yathu inaima patsogolo pawo. Bambo anali atapempha theka la tsiku kuntchito, osauza aliyense kunyumba. Anangotsitsa galasi n'kunena kuti, "Ndinakusocheretsani ndine. Kwerani."

Ine sindinapite nawo. Zotsatirazi ndinazimva kwa bambo, ndipo a Flossie ndinawafunsa padera kawiri, zinagwirizana.

Anapeza Mzee pakhonde pomwe paja, Muema akutsuka galimoto. Mzee anaseka atawaona.

"Mama Bessie, wabweretsanso mpunga? Uja adzukulu anaumaliza."

"Lero ndabwera ndi pepala, Baba."

Anagwada monga kale, n'kupereka ndi manja awiri. Mzee maso anafooka, ndiye anaitana Muema kuti awerenge. Muema anapukuta manja n'kuyamba, akuthamangitsa moni uja moseka. Pa mbuzi Mzee anagwedeza mutu mokondwa. Kenaka Muema anafika pa mzere wodulidwa, n'kuima.

"Werenga," anatero Mzee.

Anawerenga.

"Ndiye kuti ukunditengera ku bwalo," anatero Mzee. "Ine."

"Ndikupita ku bwalo, Baba."

"Ndinakwera basi maola khumi ndi maondo awa. Abale a mwamuna wako ankafuna makina ako, ndani anawakhazika pansi?"

"Ndinu, Baba. Sindinaiwale ndipo Bessie ndinamuuza kuti asadzaiwale. Mukanabwera nokha kudzakhala pa kampando paja, tikanamvana ngati kale. Koma munanditumizira pepala. Pepalalo silinapite ku Bungoma, silikundidziwa. Ndiye ndikuliyankha mmene limamvera."

Muema anaseka kumodzi. "Mwaona Baba? Amagwada, koma taonani zimene wabisa m'manja. Musasaine chilichonse."

Bambo anga akuti apa anafuna kulowererapo, koma Chiswahili chinawathawa. Mzee anafunsa mwana wawo kuti, pa notisi paja siginecha ndi ya ndani.

"Yanu, Baba."

"Ndiye yankho lake wolandira ndine. Bweretsa cholembera."

Anasaina pa kalata yachiwiri ija pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti lero ndi pa chiyani. Bambo anati pa 2. Mzee analemba tsikulo, n'kupereka pepala osayang'ana a Flossie. Chai sanaitanitse. A Flossie anadzuka, anatsazika, Mzee anangokweza dzanja. M'galimoto akuti a Flossie analira kuchokera pageti mpaka pasiteji, kenaka anapukuta nkhope ndi mpango n'kukatsegula shopu.

Sabata yotsatira anakwera matatu kupita ku bwalo lija m'tauni ndi notisi ndi kalata yosainidwa ija. Analemba mafomu, analipira, anabwera ndi pepala la chidindo. Pa 1 Disembala linali Lamulungu. Lolemba lake anatsegula 7 koloko monga mwa masiku onse, ndipo pa 5 anatumiza lendi yakale pa foni. Bambo wa malaya oyera sanaonekenso.

Musaganize kuti inali miyezi yokoma. Nkhani inatenga mpaka Malichi. Tsiku loyamba ku bwalo, loya wa Muema anapempha nthawi. Kenaka mbali zonse zinauzidwa kubweretsa umboni wa lendi ya mashopu ofanana nayo. A Flossie anabwereka ku chama, gulu lawo la amayi losonkherana ndalama, n'kulemba ntchito katswiri wowerengera mitengo ya nyumba. Katswiriyo ankadandaula kuti anthu a mashopu sanena zoona za lendi. A Flossie anavala nsapato zafulati n'kuyenda naye okha, khomo ndi khomo, kuyambira pasiteji mpaka kumsika. Anthu ankatulutsa mauthenga a pa foni kuwaonetsa, chifukwa theka la iwo amagona kuseri kwa makatani a Mama Bessie.

Kutchalitchi kwathu nkhani inafika. Ena anati achita bwino. Ena, ndipo mukudzidziwa, anati atichititsa manyazi, mawa malandilodi azikana Amalawi. Mayi wina anawauza pamaso kuti anasanduka Mkenya. A Flossie anangoti, "Zikomo mayi, moni kunyumba."

Chimene chinkawapweteka ndi china. Mzee akamapita kuchipatala, galimoto imadutsa pakona pomwepo. Kale ankatsitsa galasi. Tsopano a Flossie amaimirira pakhomo n'kuweramitsa mutu, Mzee amakweza dzanja mkati mwa galasi lotseka. Mpaka lero zili choncho. Ndinawafunsa ngati zidzasinthe. Anati sakudziwa, munthu wamkulu akakhumudwa sumuikira tsiku.

Mu Januwale kunabwera mayi wina amene akumanga nyumba yogona alendo ku Mihang'o, mazenera 48. Ntchito yotere imabwera kamodzi pa zaka zingapo. A Flossie anapita kukayeza, koma nsalu anakana kulandira. Anauza mayiyo kuti sangasunge mipukutu ya mwini wake asakudziwa kuti makina awo agona kuti mwezi wamawa. Ngati angathe kudikira, adikire, ngati sangathe, anamupatsa nambala ya telala wina wa ku Fedha. Nyaboke anawatukwana tsiku lonse. Mayiyo anati nyumba sinathe penti, aona.

Tsiku lomaliza ndinapita nawo. Tinakhala pa benchi m'khonde lalitali pamodzi ndi anthu a mabutchala, masaluni ndi timahotela, aliyense atakumbatira envelopu yake. Malipoti a akatswiri a mbali ziwirizo anali atasiyana, wa Muema pamwamba, wa a Flossie pansi, koma onse anali kutali ndi 24,000. Nkhani yathu isanaitanidwe, loya wa Muema anabwera kudzakhala pafupi ndi a Flossie. Anali mtsikana, wosaposa Bessie kwenikweni. Anatchula 16,000.

"Mwanangu," anatero a Flossie, "nsapato zakozo n'zokongola. 11."

Loyayo anaseka, anapita kwa Muema kumapeto kwa khonde, anabwerera. 15. A Flossie anafunsa kwawo, anapeza kuti amayi ake ndi a ku Kangundo, anafunsa ngati mvula yagwa kumeneko. 12. Anayenda maulendo anayi mtsikanayo, zidendene zikugogoda simenti. Ndinazindikira kuti ndikuona zimene zinkachitika pa kampando paja, kungoti tsopano chai panalibe ndipo wina ankalemba.

Anamvana pa 13,000, ndipo isasinthe kwa zaka ziwiri. Titalowa, zinawerengedwa pamaso pa woweruza, onse anavomera, zinalembedwa. Sizinathe mphindi khumi. Potuluka a Flossie anapatsa Muema moni woti akapereke kwa Baba. Muema anati akapereka.

Ine ndinkafuna tikondwerere, tigule ngakhale tchipisi. Iwo anati 13 si 9, tchipisi tikadya kunyumba. Tinakwera matatu ya ku Utawala, yodzaza, nyimbo zili pamwamba. Tisanafike pa Donholm anatulutsa foni m'chikwama, anatseka khutu lina ndi chala.

"Halo, Madamu? Ndine Mama Bessie wa makatani. Penti ija inauma? Eya. Nsalu ija mubweretse mawa. Ayi, pomwe paja, pakona. Mubwere m'mawa, ndi mphete zake zomwe, tiyambe ndi zipinda za pansi."